Zomba Muiyambire Kumunsi kwa Phiri

Anthu ambiri akamafotokoza za Zomba amayambira pamwamba pa phiri. Amatchula nkhungu ya m'mamawa, nkhalango ya paini, mathithi a Williams, damu la Mulunguzi, ndi malo awiri oonerapo patali otchedwa Queen's View ndi Emperor's View. Akatero amawonjezera mwachidule kuti kumunsi kuli tauni yakale imene inali likulu la dziko. Kafotokozedwe kameneka n'kozondoka. Phirilo ndi lokongoladi, koma mapiri okongola alipo ambiri m'dera lathu lino, ndipo la Mulanje, limene limaonekera chapatali ukaima pa Zomba, ndi lalitali kuposa pamenepo. Chimene Zomba ili nacho, chosowa kwina konse, n'chakuti munthu angathe kuyenda wapansi tsiku limodzi n'kuona ndi maso ake mmene boma linabadwira m'dera lino, mmene linkasanjira anthu ndiponso mmene linkalangira. Kuyambira 1891 mpaka 1975 mzindawu unali likulu, poyamba la British Central Africa, kenaka la Nyasaland kuyambira 1907, pomaliza la Malawi. Ganizo langa ndi lakuti mlendo wanzeru ayambire kumunsi, kumsika, kundende ndi pachipilala cha asilikali, phirilo alikwere pomaliza. Ndikunenanso kuti ife a kuno ku Chongwe m'dziko la Zambia, ndi abale athu a Kum'mawa, tili ndi chifukwa chathu chopitira kumeneko, popeza mbiri ya Zomba mbali ina ndi yathu.

Boma lisanafike, m'tsinde mwa phirili munali kale anthu. Anyanja ndi Amang'anja ankalima m'zigwa za Likangala ndi Domasi, nasodza nsomba ku nyanja ya Chilwa. David Livingstone anafika pa nyanjayo mu April 1859, ndipo patangotha zaka ziwiri Bishopu Mackenzie anakhazikitsa mishoni ku Magomero, kumwera kwa phirili, imene sinakhalitse chifukwa cha nkhondo, njala ndi malungo. Zaka zomwezo ndi zimene Ayao ankalowa m'derali kuchokera kum'mawa, ndipo mafumu awo monga Malemia, Mlumbe ndi Kawinga anakula mphamvu ndi malonda a minyanga ndi akapolo opita kugombe la nyanja ya mchere. Mzungu woyamba kukhazikika pa Zomba anali John Buchanan, mlimi wa ku Scotland amene anabwera ndi mishoni ya Blantyre mu 1876, kenaka n'kuyamba minda yake ya khofi ndi nzimbe m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Iyeyu ndiye anamangira kazembe wa Britain, A.G.S. Hawes, nyumba ya nsanja ziwiri zosongoka mu 1886, imene ilipobe lero ndipo ndi hotela ya Masongola. Harry Johnston atafika mu 1891 kudzakhala mkulu wa boma latsopano, analowa m'nyumba yomweyo. Anthu amakonda kunena kuti anakopeka ndi kukongola kwa malo, ndipo n'zoona kuti madzi a Mulunguzi ndi mphepo yozizira zinam'komera. Koma panali zifukwa zina zolemera. Zomba inali pafupi ndi njira za apaulendo a malonda a akapolo, kotero inali malo abwino oikapo asilikali, ndipo Kawinga anagonjetsedwa mu 1895. Inalinso patali ndi Blantyre, kumene amishoni a ku Scotland ndi amalonda a kampani ya Mandala anali ndi mawu ambiri ndipo sankaopa kudzudzula boma. Choncho Zomba sinamere pa malonda, pa migodi kapena pa mishoni. Inabadwa ngati tauni ya boma basi, ndipo ngakhale njanji itafika ku Blantyre mu 1908, ku Zomba sinapite.

Apa ndi pamene mbiri ya Zomba imakhudza Zambia. M'zaka zoyambirira Johnston sankayang'anira Nyasaland yokha. Kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, inkapereka mapaundi 10,000 pachaka ku boma lake, ndipo iye ankayang'aniranso dziko la kumadzulo, limene lero ndi mbali ya kum'mawa ndi kumpoto kwa Zambia, mpaka mu 1895 pamene kampaniyo inayamba kulilamulira yokha. Mu January 1898 asilikali amene anathira nkhondo Angoni a Mpezeni anachokera ku boma la British Central Africa. Anali ndi mfuti zamakono ndi mizinga, Angoni ali ndi mikondo ndi zishango. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera nkhondo, anagwidwa n'kuwomberedwa mu February chaka chomwecho, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo chaka chotsatira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia. Mngoni wa ku Chipata amene amavina pa Nc'wala mwezi wa February, akafuna kuona kumene kunachokera mphamvu imene inathyola ufumu wa makolo ake, ayenera kuyang'ana ku Zomba.

Tauniyo inamangidwa pamtsetse, ndipo mtsetsewo unakhala muyeso wa ulemu wa munthu. Zimenezi zimaonekabe bwinobwino. Kumtunda kwa msewu waukulu wochokera ku Blantyre kupita ku Liwonde, kumene kuli mitengo ikuluikulu ndi mthunzi, kuli nyumba ya bwanamkubwa imene pano ndi State House, maofesi akale a boma a njerwa zofiira, nyumba ya malamulo yakale, kalabu ya Gymkhana ndi bwalo lake la gofu, ndi munda wa zomera umene Alexander Whyte anauyamba mu 1891 poyesa mbewu ndi mitengo yochokera kunja. Nyumba za mabwana zinkakwera ndi phiri, za khonde lalikulu lozungulira, denga la malata, khitchini ndi kanyumba ka antchito kuseri. Kumunsi kwa msewu kuli masitolo a amwenye, mzikiti ndi msika. Kutsikirabe, kumene kumatentha ndipo udzudzu ndi wambiri, n'kumene kunkagona makalaliki, amesenjala, apolisi, ophika ndi ochapa. Lero anthu ambiri a mumzindawu amakhala ku Chinamwali, Matawale, Chikanda, Sadzi ndi Mpondabwino, ndipo mlendo amene sanapondeko kumeneko sanaione Zomba. Pamsika pali matemba ndi milamba yowamba yochokera ku Chilwa, mpunga wa m'madambo a nyanjayo woyezedwa pambale, mbatata ya kachewere yotsika kuphiri, nandolo, ndi zinenero zitatu zosakanikirana pa benchi limodzi, Chinyanja, Chiyao ndi Chilomwe cha anthu amene makolo awo anaoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Anthu a kumunsiwa sanali ongoonerera mbiri ikupangidwa kumtunda. Makalaliki a boma ndiwo anali oyamba kuwerenga makalata a atsamunda ndi kudziwa mmene zinthu zinkayendera. Levi Mumba, amene ankakhala ku Zomba, anatsogolera mabungwe a anthu akuda olembera boma madandaulo, ndipo mu 1944 anakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress, chipani chimene anachiyambitsa pamodzi ndi James Sangala, mwana wa dera lomwelo la Zomba. Nyumba ya malamulo inakhala zaka zoposa makumi anayi popanda munthu wakuda ndi mmodzi yemwe, mpaka 1949, ndipo mu 1956 munalowa anyamata awiri olankhula mosaopa, Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume.

Polowa mumzinda kuchokera ku Blantyre, pafupi ndi Cobbe Barracks, pali nsanja yaitali ya njerwa yokhala ndi wotchi pamwamba. Ndi chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo Zomba inali kwawo kwa magulu ake a ku Nyasaland. Amuna a ku Nyasaland anatumizidwa kukamenya nkhondo ku Somaliland ndi ku dziko la Asante, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anathamangitsana ndi Ajeremani a von Lettow-Vorbeck mpaka mkuluyo anakagonjera ku Abercorn, imene lero ndi Mbala, pa 25 November 1918, ndipo pa nkhondo yachiwiri anafika ku Burma. Pafupi ndi chipilalacho anamangapo nyumba zosungiramo asilikali okalamba. Koma woima pamenepo ayenera kukumbukiranso amtengatenga, amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland amene anasenza katundu wa nkhondo pamutu, ambiri atachita kugwidwa m'midzi, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chibayo. Kuno kwathu nakonso amuna anatengedwa motero kupita kumalire a kumpoto. John Chilembwe wa ku Chiradzulu analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914 kudandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo imene si yawo. Boma la ku Zomba silinamve, ndipo pa 23 January 1915 iye anaukira. Anaphedwa pa 3 February, otsatira ake ambiri ananyongedwa kapena kuwomberedwa, ndipo tchalitchi chake cha ku Mbombwe chinagumulidwa. Chipilalacho chili ndi tanthauzo lathunthu pokhapokha munthu ataziika zonsezi pamodzi: kulimba mtima kwa msilikali, kuzunzika kwa mtengatenga ndi kukana kwa Chilembwe.

Wina anganene kuti zonsezi ndi nkhani za atsamunda zimene zinatha pa 6 July 1964. Zikanakhala choncho bwenzi Zomba ili malo osavuta kuwamvetsa, koma ndende yaikulu imene inamangidwa mu 1935 ikutsutsa. Pa 3 March 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pangozi, anthu mazanamazana a Congress anamangidwa, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda anatumizidwa kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia. Atatulutsidwa pa 1 April 1960 anabwera naye ku Zomba kudzakambirana ndi nduna ya Britain, Iain Macleod. Patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, mu September 1964, m'nyumba ya malamulo yomweyo munachitika mkangano umene unasintha Malawi kwa zaka makumi atatu. Nduna zimene zinatsutsana ndi Kamuzu zinachotsedwa, zina zinatula pansi udindo, ogwira ntchito m'boma ku Zomba anamenyana ndi anyamata a chipani m'misewu, ndipo ambiri mwa atsogoleriwo anathawira ku Tanzania ndi kuno ku Zambia. Mu February 1965 Chipembere anayesa kufika ku Zomba ndi gulu la zida, koma anatsekeredwa pa doko la Liwonde. Boma latsopano linalandira ndende, malamulo omangira munthu popanda mlandu ndi apolisi achinsinsi monga chuma chamasiye, ndipo linawonjezapo ndende ya Mikuyu m'chigwa chakum'mawa kwa mzinda. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anagwidwa ku Zomba, ndipo mitembo yawo inapezeka ku Mwanza, boma likunena kuti inali ngozi ya galimoto. Mlakatuli Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor College, anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Orton Chirwa, mmodzi wa nduna zochotsedwa zija, ndi mkazi wake Vera, amene ankaphunzitsa zamalamulo pa University of Zambia, anagwidwa mu December 1981 kumalire a kufupi ndi Chipata. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu October 1992, Vera anatuluka mu January 1993. Ndendeyo ikugwirabe ntchito, yodzaza kupitirira muyeso, ndipo mu 2016 nyimbo zimene akaidi ake anajambula zinalowa m'gulu lopikisana pa mphoto ya Grammy ku America. Mlendo sangalowemo ngati malo osangalalira, koma aziona makoma akewo podutsa, adziwe amene anakhalamo.

Pali chitsutso china chimene ndimachilemekeza kwambiri. Ena amati kusamala nyumba za atsamunda ndi kulemekeza anthu amene anatinyoza, ndipo zikagwa palibe cholira. Mkwiyo umenewu uli ndi maziko, pakuti mu kalabu ya Gymkhana munthu wakuda ankalowamo ngati woperekera zakumwa chabe. Komabe tifunse kuti anaumba njerwazo ndani, anazisenza ndani kukwera nazo mtsetse, anacheka matabwa ndani, ndipo ndalama zake zinachokera kuti ngati si msonkho wa nyumba umene unkathamangitsa amuna kupita ku thangata ndi kumigodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Joni. Nyumbazo ndi thukuta la makolo athu, ndipo ndi umboni. Mwana wobadwa lero akauzidwa kuti kale anthu ankasanjidwa potsata khungu angathe kukayika, koma akayenda kuchokera kumsika kukwera mpaka ku Masongola, n'kuona mmene mabwalo akukulira ndi mmene mthunzi ukuchulukira, safunanso womuuza. Kufunika kwa umboni kumaoneka bwino pa nyumba yosungira zolembedwa zakale, National Archives of Malawi, imene inayamba mu 1947 ndipo ili ku Zomba komweko. Mu 1919 moto unatentha maofesi akuluakulu a boma n'kupsereza makalata ambiri a zaka zoyambirira, ndipo olemba mbiri mpaka lero amavutika kutseka mpata umenewo. Zimene zinatsala, monga mabuku a ma DC, madandaulo a mafumu, milandu ya malo ndi umboni woperekedwa pambuyo pa kuukira kwa Chilembwe, ndi zimene zatithandiza kumva mawu a anthu wamba a nthawi imeneyo. Kugwetsa umboni kumapindulira wolakwa, osati wolakwiridwa.

Kusamuka kwa likulu nakonso kumafuna kukuganizira mofatsa. Kamuzu anafuna likulu pakati pa dziko, ndipo Britain atakana kupereka ndalama, iye anakatenga ngongole ya marandi 8 miliyoni ku boma la tsankho la South Africa mu 1968, chinthu chimene chinam'danitsa ndi atsogoleri ambiri a mu Africa, kuphatikizapo a kuno. Lilongwe inakhala likulu mu 1975, ngakhale aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994. Gwero la ndalamazo linali lochititsa manyazi, koma ganizo losamuka linali lolondola. Zomba ili kumwera kwenikweni, yapanikizika pakati pa phiri ndi dambo, ilibe njanji, ndipo munthu wa ku Karonga kapena ku Mchinji ankaiona ngati dziko lina. Ifenso tinachita chimodzimodzi kale: likulu linachoka ku Kalomo kupita ku Livingstone mu 1907, kenaka mu 1935 linabwera ku Lusaka chifukwa ndi pakati, pali njanji ndipo misewu ikuluikulu imakumanapo. Koma taonani chimene chimachitikira mzinda umene uli likulu. Lusaka yakula mpaka kumeza minda ndi midzi ya Asoli, nyumba zakale zikugwetsedwa kuti pamangidwe masitolo akuluakulu, ndipo mzindawo ukuyandikira ku Chongwe chaka ndi chaka. Zomba inapulumuka ku zimenezi chifukwa chosiyidwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu ongopitirira pang'ono 105,000, ndipo mapangidwe a tauni ya 1920 akuonekabe. M'malo mwa nduna munalowa ophunzira, pamene Chancellor College inasamukira ku Chirunga kuchokera ku Blantyre mu 1973. Mzinda umene unali malo olamulira unasanduka malo ofunsa mafunso. Alembi ndi ochita zisudzo a pakolejipo anaphunzira kunena zoona mophiphiritsa pa nthawi imene kulankhula poyera kunali kuika moyo pachiswe, ndipo maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo ya pa 8 March 1992 yodzudzula boma, ophunzira a ku Zomba anali m'gulu la oyamba kuyenda pamsewu kuivomereza. Panthawiyo Zambia inali itangosintha boma kudzera m'chisankho cha zipani zambiri cha October 1991, ndipo mphepo imeneyo inaoloka malire.

Kwa munthu wa ku Chalimbana kuno ku Chongwe, malo oyenera kuwaona koposa ali kunja pang'ono kwa mzinda, ku Domasi, pamsewu wa ku Liwonde. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 maboma a atsamunda anatsegula sukulu zotchedwa Jeanes, potengera dzina la Anna Jeanes, mayi wa ku Philadelphia amene anapereka chuma chake kuthandiza sukulu za anthu akuda a kumidzi kumwera kwa America. Ndalama zina zinachokera ku bungwe la Carnegie. Ya ku Nyasaland inamangidwa ku Domasi. Ya ku Northern Rhodesia inayambira ku Mazabuka, ndipo mu 1939 inasamukira kuno ku Chalimbana. Cholinga chinali chimodzi: kuphunzitsa aphunzitsi oyendera sukulu za m'midzi, akubwera ndi akazi awo kudzaphunzira zaukhondo, zaulimi, kusoka ndi kulera ana, komanso kuitana mafumu kudzachita maphunziro a kayendetsedwe ka midzi. Maphunzirowa anali ndi mbali ziwiri. Anathandizadi midzi kukhala ndi zitsime zabwino, zimbudzi ndi minda ya ndiwo, koma analinso ndi ganizo lakuti mwana wa munthu wakuda akwanire ndi khasu ndi sukulu ya pulayimale, n'chifukwa chake sekondale zinachedwa kwambiri, Munali mu 1939, Blantyre mu 1940, ya Katolika ya ku Zomba mu 1942. Malo onse awiriwa anapitirira malire amene anawaikira. Ku Domasi lero kuli koleji ya aphunzitsi ndi Malawi Institute of Education, kumene amakonza silabasi ya sukulu za dziko lonse, ndipo Chalimbana inadutsa pa koleji yowonjezera maphunziro a aphunzitsi mpaka kukhala yunivesite. Ndi mapasa amene sadziwana, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti wophunzira angamalize maphunziro ake kuno osamvapo dzina la Domasi.

Tsopano mlendo akwere phiri, pakuti wadziwa chimene akukaona. Msewu umakhotakhota mpaka ku hotela ya Ku Chawe imene ili m'mphepete mwa phompho, ndipo wamphamvu angathe kudzera kanjira ka wapansi kotchedwa Potato Path, kamene alimi a mbatata ankatsikira kumsika. M'mbali mwa msewu anyamata amaimika galimoto atanyamula timbale ta masitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya, ena atayala miyala yonyezimira yokumbidwa ku Malosa. Pamwamba pali dziko lina lozizira, lalikulu pafupifupi masikweya kilomita 130, nsonga yake ya Malumbe ikupitirira mamita 2,000. Pali mathithi a Williams ndi a Mandala, maiwe a nsomba za trout zimene azungu anabweretsa, timitsinje toyera, ndi mbalame zosowa zimene akatswiri amachokera kutali kudzaziona m'nkhalango zachilengedwe zimene zatsala. Queen's View inatchedwa dzinali chifukwa cha amayi a Mfumukazi Elizabeth amene anafikapo mu 1957, Emperor's View chifukwa cha Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Ukaima pamenepo tauni yonse ili pansi pa mapazi ako, chigwa cha Phalombe chatambalala mpaka ku Mulanje, ndipo Chilwa ikunyezimira kum'mawa ndi chilumba chake cha Chisi. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulukamo, ndi yosaya, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, n'kusiya asodzi a ku Kachulu manja ali m'khosi. Chakumadzulo kuli Dzenje la Chingwe, limene anthu amasimba kuti kale ankaponyamo adani a mafumu kapena odwala khate. Nkhani zimenezi ndi za pakamwa ndipo zimasiyana malinga ndi wosimba, koma zimatikumbutsa kuti phirili linali ndi eni ake, mayina ake ndi mantha ake alendo olemekezeka aja asanabwere kudzaimapo mphindi zochepa.

Amene amati mlendo amabwera kudzapuma, osati kudzamva zachisoni, ayang'ane bwino pamsewu womwewo. Akumana ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa msinkhu wawo, akutsika mothamanga pang'ono chifukwa cha kulemera, ndi abambo akukankha njinga zosanjikizidwa nkhuni mpaka pamwamba pa mutu, atagwira mabuleki ndi mphamvu zonse. Aona mapiri ometedwa pamene panali paini, zitsa zakuda ndi moto wolusa wa m'chilimwe. Anthuwa si adani a phiri. Akusaka chakudya cha ana m'dziko limene nyumba zambiri zimaphikira nkhuni ndi makala, ndipo mitengo yambiri yapita ndi macheka a anthu a ndalama, osati ndi nkhwangwa ya mayi wosauka. Koma zotsatira zake sizisankha. Madzi ambiri a mumzinda amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, ndipo mitsinje ya Likangala ndi Domasi imene imadyetsa Chilwa imayambira komweko. Mu December 1946 mvula yoopsa inagwa pa Zomba, phiri linagumuka, madzi ndi miyala zinakokolola milatho, nyumba ndi anthu, ndipo eni dera anati wadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri. Steve Chimombo, mphunzitsi wina wa pa Chancellor College, anatenga dzina limeneli kukhala mutu wa ndakatulo zake. Ngati zinatero mitengo ilipo, nanga phiri likakhala lambee? Namondwe wa Freddy mu March 2023 anaonetsa yankho pa phiri la Soche ku Blantyre ndi m'maboma a Mulanje ndi Phalombe, kumene matope anakwirira anthu mazanamazana. Ife a kuno nkhaniyi si yachilendo. Mtsinje wa Chalimbana umayambira m'nkhalango ya kum'mawa kwa Lusaka yodziwika kuti Forest 27. Itachotsedwa pa mndandanda wa nkhalango zotetezedwa mu 1983 mtsinjewo unayamba kuphwa, anthu anadandaula mpaka inabwezeretsedwa mu 1996, koma kuyambira 2017 zigawo zake zinagawidwanso kuti pamangidwe nyumba. Wa ku Chongwe amene waonapo mipopi itauma mwezi wa October akaima pa damu la Mulunguzi amvetsa msanga chimene chili pachiswe.

Chitsutso chomaliza ndi cha ndalama, chakuti dziko losauka silingathe kukonza madenga a nyumba zakale pamene zipatala zilibe mankhwala. N'zoona kuti mankhwala ndiwo oyamba. Koma zambiri zimene Zomba ikusowa si zodula. Ikusowa zikwangwani zolembedwa m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chingerezi zofotokoza chimene chinachitika pa nyumba iliyonse, achinyamata a mumzinda ophunzitsidwa bwino kuperekeza alendo kumunsi monga amachitira kuphiri, ndi lamulo logwira ntchito loletsa kugwetsa kapena kusintha nyumba zakale mwachisawawa. Nyumba yogwiritsidwa ntchito siigwa msanga, ndipo mlendo amene wapeza zoona za masiku atatu m'malo mwa tsiku limodzi amasiya ndalama kwa wogulitsa matemba, wa kabaza ndi mwini nyumba yogona alendo. Mzinda wa Livingstone watiphunzitsa kale zimenezi, pakuti alendo amapita ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, koma nyumba yosungira zinthu zakale ya mumzindamo ndi imene imawauza kuti afika m'dziko la anthu a mbiri yawo.

Choncho pempho langa likupita kwa aphunzitsi a mbiri ndi ophunzira awo, kuno ku Chalimbana, ku Chipata, ku Katete ndi ku Lusaka. Pokonza ulendo wa sukulu musamangoganiza za Livingstone ndi Siavonga. Msewu wa Great East umene umadutsa pakhomo pathu umafika ku Chipata, kuoloka pa Mwami kulowa Mchinji, kudzera ku Lilongwe, Dedza, Ntcheu, Balaka ndi Liwonde mpaka ku Zomba, ulendo wa masiku awiri pa basi, ndipo konseko mukalankhula chinenero chanu chomwechi. Mukafika, tsiku loyamba likhale la msika, chipilala cha asilikali, nyumba ya malamulo yakale ndi nyumba ya zolembedwa zakale. Lachiwiri mupite ku Domasi mukaone mbale wake wa sukulu yanu. Phiri mukalikwere tsiku lachitatu.